Matayala Akale a Dwight Ebersole

"Matayala amenewo musawaike pamsewu," anatero Mayi Verna Kimmel. "Apachikeni pakhoma ngati mukufuna, muziwagwadira m'mawa ndi madzulo. Koma pamsewu ayi. Ndipo mwana wanga asakweremo."

Ananena izi ataima pakhomo pa galaja ya mkamwini wawo, Dwight Ebersole, Lachiwiri masana, kutatsala masiku anayi kuti kukhale chionetsero cha magalimoto akale. Dwight anali atagwada pa kapeti. Ee, galajayo inali ndi kapeti yofewa ndithu, pamene kachipinda ka Mayi Verna kuseri kwa khitchini kanali ndi matabwa osayala kanthu, chonsecho munthuyo ntchito yake ndi yogulitsa makapeti m'tauni. Ankamasula pepala lokulunga tayala pang'onopang'ono, ngati namwino pa chilonda cha moto.

"Amayi, mukulowetsa fumbi. Tsekani chitseko."

"Fumbilo ndi ine?"

"Sindinatero ayi."

Sanatseke. Analowa ndi nsapato zawo za kudimba zomwezo.

Pakati pa galajayo panali chinthucho, galimoto ya mtundu wa Packard ya chaka cha 1934, yaitali moti Dwight anachita kugumula khoma n'kuwonjezera nyumba kuti ikwanemo. Inali yobiriwira modera ngati botolo la vinyo, zitsulo zake zikuthobwa m'maso. Zaka zisanu ndi zinayi munthu wamkulu ndi ndevu zake anakhala akuimasula kachitsulo ndi kachitsulo, kupukuta, kupenta, kubwezera. Nsalu ya mipando anachita kuitanitsa kuti amulukire mwapadera, yaubweya wa nkhosa, yotuwa ngati phulusa. Koma galimotoyo sinkadziwa msewu. Ku zionetsero inkapita itatsekeredwa m'ngolo ngati wodwala, ndipo poitsitsa ankaikankha amuna anayi ovala magolovesi oyera.

Amuna a kalabu ya magalimoto akale onse ndi otero. Mimba kutsogolo, imvi mbuu, zipewa zamlaza, tsiku lonse kuwerama pansi pa galimoto ya mnzawo ndi kagalasi komangirira ku kamtengo, kufunafuna kabawuti kolakwika. Akakapeza amasangalala ngati abadwitsa mwana. Chaka chapitacho Dwight anaphonya chikho chasiliva pa chifukwa chimodzi chokha: woweruza anagwada, nawerenga malemba a pa tayala, nati matayalawo ndi opangidwa masiku ano mongotsanzira akale. Chikho chinapita kwa Lyle Brubaker, wogulitsa mbewu za chimanga, ndipo Dwight anatha sabata osadya bwino.

Tsono anasakasaka mpaka anapeza matayala asanu ndi limodzi enieni, opangidwa nkhondo yaikulu isanayambe, m'chipinda chapansi cha sitolo ina yotsekedwa kalekale ku Ohio. Anayi apansi, awiri omangirira m'mbali mwa boneti. Anali akadali m'mapepala awo.

Mayi Verna sukulu anangoinunkhiza, koma mphira ankaidziwa. Anakhala zaka makumi anayi ndi ziwiri ndi mwamuna wawo, malemu Harlan, yemwe ankamata matayala a mathirakitala ndi malole m'kashedi ka pamphambano, ndipo iwo ndi amene ankamiza machubu m'beseni kuti aone potuluka thovu. Anaonapo tayala la lole likuphulika n'kumuchotsa munthu chipewa pamodzi ndi khutu. Anawerama, nakanikiza chikhadabo pa tayala la Dwight. Tayala lamoyo limalola chikhadabo kulowa pang'ono kenako n'kubwerera. Ili linali gwa, ngati nyanga ya ng'ombe.

"Musakande!" Dwight anadzuka msanga. "Onani bwino, Amayi. Palibe ndi mng'alu womwe. Sanapondepo pansi chipangidwire."

"Azakhali anga a Opal sanakwatiwe, sanalime, sananyamule ndi ndowa yomwe. Anangokhala pakhonde. Koma anakalamba ndithu mpaka kufa. Mukuganiza kuti pepala limaletsa zaka?"

"Amenewa ndi matayala a anthu olemera, Amayi. Si a thirakitala."

"Mphira sidziwa kuti mwini wake ndi ndani. Kunja ikuoneka bwino, m'kati ulusi unauma kale. Ikangotenthedwa ndi msewu isiyana yokha ngati buledi wa dzana. Matayala amenewa ankapangidwa ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tandiyang'anani. Mungandithamangitse mamailosi makumi anayi?"

Dwight anaseka, kuseka kwa munthu amene akudikira kuti nkhalamba ituluke.

Vuto linali pa mamailosi makumi anayiwo. Kalabuyo ili ndi mwambo wake. M'mawa wa tsiku la chionetsero magalimoto amayenda ulendo wozungulira minda, kutsikira ku mlatho wamatabwa n'kubwerera, ndipo yomwe yamaliza amaimata kansalu kobiriwira pa galasi. Masana oweruza akapeza kuti magalimoto awiri afanana, chikho chimapita ku ya kansalu. Lyle ankayenda ulendowo chaka chilichonse. Dwight anali atawerengera zonse: matayala enieni, kansalu kobiriwira, ndi mkazi wake Darlene pambali pake atavala zovala za nthawi imeneyo kuti anthu ajambule.

"Ndiye yendani ndi matayala atsopano aja, mukasinthe pobwera," anatero Mayi Verna.

"Kusintha amenewa ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ndipo chitsulo chikaterereka chikanda utoto wa mawilo."

"Utoto."

"Ee, utoto. Simungamvetse."

"Malamba omangira pampando alimo?"

"Mu 1934 munalibe malamba. Oweruza akaona lamba, basi, zatha."

"Mu 1934 munali maliro, ndinkapitako ine."

Anatuluka, ndipo Dwight anatenga makina opopa fumbi n'kuyamba kutsata mapazi awo pa kapeti.

Lachisanu mayi ndi mwana anali kukhitchini akuphika jamu wa mabulosi woti akagulitse pa tebulo la amayi a kutchalitchi. Darlene, mayi wa zaka makumi asanu, mwana yekhayo amene Mayi Verna anali naye, anasiya mphika n'kukabwera atavala diresi yaitali yachikasu ndi kachipewa ka nthenga kopendekera diso limodzi. Anazungulira pakati pa khitchini ngati kamtsikana.

"Ndikuoneka bwanji?"

"Ukuoneka ngati munthu amene amukonza kale. Kwangotsala bokosi."

"Amayi!"

"Usakwere galimoto imene ija, Darlene. Unene kuti mutu ukukupweteka. Unene kuti wadya nsomba yoipa."

"Inu chilichonse mumaopa. Munkaopa ndege, munkaopa uvuni wamagetsi, munati dziwe losambira la kusukulu lindimiza."

"Mwana wa a Stoltz linamumiza."

"Anali ataledzera, Amayi, ndipo unali mtsinje."

"Madzi ndi madzi."

Darlene anakhala pampando, navula magolovesi, n'kuwasalaza pa bondo. Atayankhula, mawu ake anali otsika. "Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuiona pa zenera. Chakudya ndimamupititsira ku galaja. Tsiku lokumbukira ukwati wathu anali ku Michigan kukatenga zogwirira zitseko. Sanandilolepo ngakhale kukhala pampando wake. Tsopano wandipempha yekha, ndi pakamwa pake, kuti ndikhale pambali pake anthu onse akuona. Ndiye ndikane?"

Mayi Verna anangotakasa jamu. Ankadziwa kuti Dwight wapempha diresi ndi chipewa, ndipo munthu wake akanatha kukhala wina aliyense wokwana m'diresimo. Koma zina sunganene kwa mwana wako. Anangoyang'ana khosi la Darlene, lowonda ngati la atate ake, n'kuganiza za galasi lakutsogolo lija ndi chitsulo chowala cha pansi pake.

Loweruka kunacha kotentha. Pofika naini koloko phula linali litayamba kale kununkha. Pabwalo la chionetsero magalimoto anandandalika pa kapinga, ofiira, akuda, amkaka, aliyense ndi mwini wake pambali atagwira kansanza. Wina anagona chafufumimba akuchotsa udzu m'mizere ya tayala ndi mswachi wa mano. Mkazi wake anali pampando wopinda padzuwa, nkhope psuu, palibe womufunsa ngati akufuna madzi.

Lyle Brubaker anabwera akutafuna soseji, mafuta ali pachibwano.

"Dwight! Ndamva kuti lero iyenda yokha. Zoona? Kapena uibereka kumsana?"

"Pita ukapukute ngolo yako ya maliro, Lyle. Ndipo usayandikire ndi mafuta akowo."

Lyle anawerama movutikira, nawerenga malemba a pa tayala. Anasiya kutafuna. Anaitana anzake, ndipo posakhalitsa amuna asanu ndi atatu anali atagwada mozungulira tayala limodzi, matako m'mwamba, akuusa moyo.

"Enieni."

"Wawapeza kuti, wakuba iwe?"

"Tandilola ndingogwira."

"Ndi maso okha," anatero Dwight, chifuwa chili patsogolo.

Mmodzi yekha, wokalamba kuposa onse, anafunsa kuti, "Koma ukuyenda nawo?" Dwight atati ee, mkuluyo anakanda m'mutu. "Ungawathe mizere," anatero. Nkhawa yake inali imeneyo.

Mayi Verna ankaona zonsezi ali pa tebulo la jamu. Magalimoto ankanyamuka motsatira manambala, ndipo ya Dwight inali ya 17. Mwamuna wa mbendera yonyamutsira magalimoto anali atatulutsa kale ya 11. Darlene anali atakhala kutsogolo, msana uli chilili, akuopa kutsamira. Dwight, atavala kapu ndi jekete yamandalasi, ankayendayenda akupukuta nyali zimene zinali zopukuta kale.

Mayi Verna anatenga botolo limodzi la jamu, lalikulu, ndi supuni. Anadutsa pakati pa magalimoto pang'onopang'ono, epuloni ili m'chiuno. Dwight atazungulira kupita kutsogolo, iwo anatsegula chitseko chakumbuyo, nakwera, nakhala pa nsalu yotuwa ija, n'kutsegula botolo. Linalira kuti pho.

Dwight anatembenuka.

"Amayi. Amayi, musasunthe. Chonde. Tsekani botololo."

"Ndikupita nawo," anatero Mayi Verna. "Kumene mwana wanga akafere ndikafera komweko. Koma sindinadye m'mawa." Anamiza supuni. Jamuyo anali wamadzimadzi, wakuda bii.

"Amayi, mukundichititsa manyazi," Darlene ananong'ona. "Anthu akuyang'ana."

"Ayang'ane. Anabwerera zomwezo."

"Nambala 14!" anakuwa wa mbendera.

Dwight anagwada pakhomo la galimoto, manja atatambasula pansi pa supuni ngati wopempha. "Nsalu imeneyo kulibenso kwina. Amene anailuka anamwalira. Mukufuna chiyani? Kapeti? Ndikuyalirani chipinda chonse Lolemba. Mtundu uliwonse."

"Ndikufuna mwana wanga. Iye akatsika, ine nditsika."

Amuna a zipewa zamlaza anali atasonkhana, akuseka. Lyle anakuwa ali m'galimoto yake: "Dwight, apongozi akowo ndi a chaka chanji? Ngati ndi enieni oweruza akuwonjezera!"

"Nambala 15!"

Kadontho kakuda kanalendewera kunsi kwa supuni. Dwight anakayang'ana, nayang'ana mkazi wake, nayang'ananso kadonthoko. Sanachedwe n'komwe. Mayi Verna anawerenga mumtima, ndipo sanafike pa zitatu.

"Darlene, tsika. Uwatenge amayi akowa."

"Dwight?"

"Tsika, iwe! Nthawi yatha. Tidzajambulitsa masana."

Darlene anatsika. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nagwira amayi ake pa chigongono, ndipo Mayi Verna anatuluka bwinobwino, botolo lili chilili, osadontheza ngakhale pang'ono. Dwight anapukuta pamene anakhalapo ndi chikhatho, nanunkhiza chikhathocho, n'kulumphira pa chiwongolero. Injini inalira mofatsa ngati mphaka wokhuta. Anthu anaomba m'manja. Iye anakweza kapu osayang'ana kumbuyo.

"Mwakondwa?" anatero Darlene. Utoto wa m'maso unali utayamba kutsika.

"Ayi. Tenga makiyi a galimoto yako, timutsatire."

"Kuti mukaone chiyani?"

"Wina ayenera kukhala kumbuyo kwake. Ukuganiza kuti awa angamutole?"

Anamutsatira pa kagalimoto ka Darlene kopitira kumsika. Mamailosi khumi oyamba msewu unkadutsa m'minda. Chimanga chinali chitaima mbali zonse, chouma, chodikira makina. Packard inkayenda kutsogolo kwawo ikunyezimira, ndipo pa mageti a mafamu ana ndi agogo awo ankaikweza manja. Kunena zoona inali yokongola. Ngakhale Mayi Verna anaona zimenezo, ndipo zinawakwiyitsa.

"Mwaona?" anatero Darlene. "Ikuyenda bwinobwino. Mwandilanda tsiku langa pachabe."

"Usamuyandikire kwambiri. Siya mpata."

Atadutsa tchalitchi cha njerwa, Lyle anachedwa kumbuyo kwa thirakitala, ndipo Dwight anaona mwayi. Ulendowo si mpikisano, palibe amene amapatsidwa kanthu chifukwa chofika msanga. Koma anaponda mafuta, nadutsa thirakitala ndi Lyle yemwe, akuliza hutala. Apo n'kuti msewu utayamba kutsetsereka kulowera ku mlatho.

Mayi Verna ndi amene anayamba kuona. Kanthu kakuda kanadumpha kuchokera pansi pa galimoto, ngati khwangwala wowombedwa. Kenaka kena.

"Ima, Darlene. Ima!"

Phokoso lake linali ngati mfuti. Tayala lakutsogolo la kumanja linasenda chikopa chonse nthawi imodzi, chinsanza chake chikumenya chitsulo, phwa phwa phwa. Chigalimoto cholemera ngati ng'ombe zisanu chinapendekera kumanja, chinabwerera pakati, ndipo lakumbuyo nalo linaphulika. Chinatsika mumsewu, chinathyola mpanda wa waya, chinalowa m'ngalande n'kukagunda khoma la simenti la paipi yodutsa madzi. Mbali ya kumanja, pamene panali mpando wa Darlene, inapindika mpaka chitseko chinakafika pakati. Nthunzi inakwera. Kenaka kunangoti zii, kupatula nkhumba za pafamu yapafupi zomwe zinayamba kulira.

Darlene anathamanga atanyamula diresi m'manja. Mayi Verna anatsika m'ngalandemo chokhala, akudzikoka ndi udzu. Anapeza Dwight atagwera pa chiwongolero, nkhope itaphwanyika, mwendo utapanikizika pansi, akupuma ngati munthu wokoka madzi ndi bango. Mayi Verna anavula epuloni, naipinda, naikanikiza pachipumi pake.

"Usamusunthe khosi. Gwira apa. Kanikiza, usaope magazi."

Magalimoto ena anaima m'mbali mwa msewu, aliyense posankha malo opanda fumbi. Amuna aja anatsika, naima m'mphepete mwa ngalande, zipewa zili m'manja.

"Mayo ine," anatero wina. "Taonani nyali."

"Nyali zipezeka. Koma chitsulo cha pamwamba pa tayalacho ndani angachisule lero?"

"Injini mwina yapulumuka."

"Magazi pa ubweya sachoka," anatero wokalamba uja, mawu akunjenjemera. "Sachoka ndithu."

"Inu!" Mayi Verna anakuwa, mawu amene sanawatulutsepo chimwalirire Harlan. "Wina athamange ku nyumba iyo akaimbe foni! Muli ndi miyendo kapena nayonso mukuisungira oweruza?"

Anayang'anana. Amene anathamanga anali mwini thirakitala.

Lyle anatsikira m'ngalande mosamala, akuteteza thalauza lake loyera. Anasuzumira pa zenera, nati, "Limba mtima, Dwight, akubwera." Kenaka anazungulira mbali ya kumanzere, kumene tayala limodzi lomangirira linali lisanakhudzidwe, nalisisita ndi chala, poganiza kuti palibe akumuona.

Ozimitsa moto anachita kudula denga ndi chitseko kuti amutulutse. Dwight anali atatsitsimuka pang'ono, ndipo atamva makina odulira zitsulo akulira anayesa kukweza dzanja kuti awaletse. Sanamumve.

Anakhala m'chipatala milungu isanu ndi iwiri. Chibwano anachimanga ndi mawaya, ndipo mpaka chisanu chinayamba ankadya msuzi wa nkhuku kudzera m'kapaipi. Nthiti zinayi zinapola, koma bondo la kumanja silinapindikenso, moti sangathe kuponda mafuta kapena buleki ya galimoto iliyonse. Diso limodzi limangoona mthunzi. Anthu a kalabu anamutumizira khadi limodzi losainidwa ndi onse, ndipo m'munsi mwake atatu analembamo manambala a foni zawo, kuti mwina angaganize zogulitsa zotsala. Tsopano amakhala pampando m'sitolo yake ya makapeti, mwendo uli tambalale pa kabokosi, akuloza ndi ndodo. Madzulo amadikira pakhonde la sitolo kuti Darlene adzamutenge, ndipo Darlene amabwera nthawi imene wafuna.